Ndinaumbitsa mahedifoni makutu anga asanathe kusintha

Ndinayamba kuimba kiyibodi m'gulu la oimba la kusukulu ndili ndi zaka 14. Zala zinkayenda bwino ndithu, vuto linali makutu. Mnzathu woimba ng'oma ankakhala kumbuyo kwanga kwenikweni, mbale zake zachitsulo zija zili chapafupi ndi mutu wanga. Tikaweruka koyeserera ndinkafika kunyumba m'makutu mukulira kuti tsiii, ndipo nthawi zina kulirako kunkandiperekeza mpaka kogona. Aphunzitsi athu ataona kuti aliyense akungokweza sipika yake kuti adzimve, anati tiyambe kuvala mahedifoni olowa m'khutu, aja oimba amangowatchula kuti ma IEM, aliyense azimva gawo lake kuchokera pa mikisa, makina osakanizira mawu.

Mahedifoni amenewa alipo amitundu iwiri. Ena ndi a universal, oti aliyense atha kuvala: kumapeto kwake kuli kamphira kapena kasiponji kamene umasintha mpaka utapeza kokukwana. Ena ndi a custom, oumbitsa. Amenewa dokotala wa makutu amayamba watenga chikombole cha khutu lako, kampani n'kuumba chigoba chofanana ndendende ndi mkati mwa khutulo. Palibe munthu wina angawavale.

Ine mtima unagwera pa oumbitsawo nthawi yomweyo. Ndinali nditaonera mavidiyo ambiri a oimba otchuka, onse atavala timagoba tonyezimira tokhala phwatalala m'khutu. Ndinawerenganso mmene zinayambira: mu 1995 Jerry Harvey, amene ankasakaniza mawu pa makonsati a gulu la Van Halen, anapangira Alex Van Halen, woimba ng'oma wa gululo, mahedifoni oumba okhala ndi timasipika tiwiri mkati, ndipo kampani ya Ultimate Ears inayambira pomwepo. Nkhaniyi inandikoka kwambiri chifukwa vuto la bamboyo linali ngati langa, phokoso la pa siteji. Chimene sindinachiganizire n'chakuti iyeyo anali munthu wamkulu, thupi lake litakhazikika kalekale, ndipo kuimba inali ntchito imene inkamudyetsa. Ine ndinali mwana wasukulu woti buluku la chaka chatha linali litayamba kale kulekeza m'akakolo.

Ndinasunga ndalama kwa nthawi yaitali, za maganyu a pa holide ndi zimene achibale ankandipatsa. Amayi anavomera kuwonjezera zotsalazo, koma anandifunsa funso limene ndinaliyankha mothamanga: "Kodi mtengo waonawo ndi wa zonse, kapena pali zina?" Ndinati ndi wa zonse. Sunali wa zonse ayi. Mtengo umene kampani imalemba ndi wa mahedifoni okha. Dokotala wotenga chikombole amalipiritsa payekha. Kutumiza zikombolezo kukampani ndi ndalama zina, ndipo ngati kampaniyo ili kunja kwa dziko pamabweranso msonkho katunduyo akamalowa. Akafika osakwana bwino, kuwabweza kuti akakonzedwe nthawi zambiri wolipira ulendowo ndiwe. Aliyense amene akufuna oumbitsa alembe zonsezi papepala asanauze makolo ake chiwerengero.

Ulendo woyamba kwa dokotala sunaphule kanthu. Atasuzumira m'khutu ndi katochi kawo kaja anati muli phula lambiri, ndipo chikombole sichingatengedwe phula lili mmenemo chifukwa chimatuluka cholakwika, komanso silikoni, phala lofewa limene amapopera m'khutu potenga chikombole, atha kukankhira phulalo mkati. Anandipatsa mankhwala odontheza ofewetsa, n'kunena kuti ndibwerenso akandichotse. Anandiletsanso kutokosa m'khutu ndi timitengo ta thonje, poti timangolitsendera phulalo kumapeto.

Nditabwerera, adokotalawo anandiyang'ana kaye asanagwire chilichonse.

"Iwe uli ndi zaka zingati?"

"Ndangokwanitsa 16, adokotala."

Anandiuza kuti ndilowetse kachala kakang'ono m'khutu kenako ndiyasamule. Ndinamva khoma la kutsogolo la kanjira ka m'khutu likusuntha pansi pa chala. Inunso yesani, mumva. Anafotokoza kuti polumikizira nsagwada pali kutsogolo kwenikweni kwa kanjirako, ndipo mbali yakunja ya kanjirako si fupa, ndi chicherewecherewe chofewa. Fupa lili mkati. Nkhope ikamakula, nsagwada ikamakula, munthu akanenepa kapena kuwonda, mbali yofewayo imasintha maonekedwe. Kusinthako n'kochepa zedi, koma chigoba cholimba cha pulasitiki ya acrylic sichisintha nawo. Anati ana ovala zipangizo zothandiza kumva amawaumbira zikombole zatsopano pafupipafupi pa chifukwa chomwechi. Malangizo awo anali oti ndidikire zaka zingapo.

Amayi anatembenukira kwa ine. "Wamva zimene akunena adokotalazi?"

"Ndamva amayi, koma ine ndasiya kale kukula."

Onse awiri anaseka, koma ndalama zambiri zinali zanga ndipo amayi ndi munthu wokhulupirira kuti mwana aziona yekha. Adokotala anati chabwino, n'kuyamba ntchito.

Kutenga chikombole sikupweteka, koma n'kwachilendo. Amayamba alowetsa kasiponji kakang'ono komangidwa ndi ulusi mpaka kupitirira pokhota pachiwiri pa kanjira ka m'khutu, kuti katchinge nembanemba ya mkati mwa khutu imene timamvera. Kakamalowa ndinayamba kutsokomola popanda chifukwa, ndipo adokotala anati zimachitikira anthu ena chifukwa mtsempha wina wa m'khutu ndi womwewo umapita kukhosi. Kenako anandilumitsa kapulasitiki kuti kukamwa kukhale kotsegula pang'ono, n'kupopera silikoni wozizira m'khutu. Dziko lonse linangoti zii. Umakhala phee kwa mphindi zingapo, dovu likuchucha, osalankhula osameza mwamphamvu, mpaka silikoniyo atauma. Pa intaneti amagulitsa timapaketi totengera chikombole wekha kunyumba. Musayerekeze. Wekha sungaone ngati m'khutu muli chilonda kapena ngati kasiponji katsekadi bwino, ndipo silikoni akadutsa n'kukafika pa nembanemba, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala.

Kenako kunabwera kudikira. Kampani inalonjeza masabata ochepa, koma inadutsa miyezi yoposa iwiri. Kuwerengera kwawo kumayamba tsiku limene zikombole zafika n'kuvomerezedwa, osati tsiku limene walipira, ndipo ine ndinaitanitsa nthawi imene anali ndi maoda ambiri. Konsati ya kusukulu imene ndinkafuna kukaonekera nawo inadutsa ndikugwiritsa ntchito mahedifoni obwereka kwa woimba gitala.

Tsiku limene anafika manja ankanjenjemera. Kuwavala kwake n'kophunzira: umalowetsa atapendekeka kenako n'kuwapotoza chakumbuyo mpaka atakhala m'malo mwake. Lakumanzere linakhala ngati ndinabadwa nalo. Lakumanja linkandipweteka pakangotha theka la ola, pamalo amodzimodzi, mpaka panafiira. Ndinapirira kwa kanthawi poganiza kuti khutu lizolowera. Kulemera kapena kumva kuti m'khutu mwadzaza kumatha ukazolowera, koma ululu wolasa pamalo amodzi sutha wokha, umatanthauza kuti chigoba chakula pamenepo. Mwamwayi ndinawerenga kapepala ka m'bokosi masiku okonza mwaulere asanathe. Makampani ambiri amapereka nthawi yochepa chabe, kawirikawiri mwezi umodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo ikadutsa umalipira. Ndinajambula khutu, n'kuika chizindikiro pa chigoba pamene pankapweteka, n'kutumiza. Kudikira kwinanso.

Atabwerako anali okwana bwino, ndipo apa ndiyenera kunena chilungamo: miyezi imene inatsatira ndi imene ndinaimba momasuka kuposa kale lonse. Ng'oma za kumbuyo zija zinkamveka ngati zili m'chipinda china. Makampani amati oumbitsa amachepetsa phokoso lakunja ndi madesibelo (muyezo wa kukula kwa phokoso) pafupifupi 25, ndipo kwa ine zinkaonekadi choncho. Popeza phokoso silinkalowa, voliyumu yanga inali yotsika kwambiri, ndipo kulira kwa m'makutu kuja kunatheratu. Ndinkatha kuwavala maola ambiri osawamva kuti alimo. Thukuta silinkawatsetsereza. Amene amati oumbitsa ndi matama chabe sanavalepo okwana bwino.

Koma ngakhale m'miyezi yabwinoyo panali chinthu chimene chinkandidya mumtima. Ndinali nditagula mahedifoni amene ndinali ndisanawamvepo. Ndinasankha potengera zimene ena analemba komanso chiwerengero cha timasipika ta mkati, poganiza kuti ambiri ndiye abwino. Mawu ake anali oyera zedi, chilichonse chikumveka pachokha, koma besi inali yowonda ndipo mawu okwera ankandibaya ndikamvetsera nyimbo kwa nthawi yaitali. Pa siteji zinali bwino. Pomvetsera nyimbo zanga pa foni ndinkalakalaka aja obwereka. Ndinadzadziwa mochedwa kuti timasipika ta m'mahedifoniwa tili mitundu iwiri ikuluikulu. Pali ta balanced armature, tating'ono kwambiri, tofanana ndi timene amaika m'zipangizo zothandiza kumva, ndipo pali ta dynamic, tokhala ngati sipika wamba wochepetsedwa, timene anthu ambiri amati besi yake imamveka yonenepa. Kuchuluka kwa timasipika sikunena kanthu za kukoma kwa mawu. Kamodzi kokonzedwa bwino katha kuposa tisanu tosagwirizana. Ndinadziwanso mochedwa kuti makampani ambiri oumba amakhala ndi zitsanzo za universal za mahedifoni omwewo zoti munthu amve kaye. Oumbitsa sabwezedwa chifukwa choti mawu ake sanakusangalatse.

Chaka chisanathe, zimene adokotala ananena zinayamba kuoneka. Ndinatalika, mapewa anatambasuka, ndipo nkhope ya pa chithunzi cha chitupa cha sukulu sinalinso yanga. Poyamba lakumanja linkangomasuka ndikaseka. Kenako linayamba kumasuka ndikatsegula pakamwa kuti ndiyankhire nyimbo. Likamasuka ngakhale pang'ono chabe, besi yonse inkathawa ndipo ng'oma zinkalowa m'khutu ndi mphamvu zake zonse. Ndinkalikankha ndi chala pakati pa nyimbo, dzanja limodzi lili pa kiyibodi. Mahedifoni olowa m'khutu ali ngati chivundikiro cha botolo: chikapanda kutseka mbali imodzi ndiye kuti sichinatseke.

Chimene ndinachita pofuna kudzimva ndi chimene aliyense amachita, kukweza voliyumu. Masiku ena ndinkavula lakumanjalo n'kutsala ndi limodzi, osadziwa kuti kumeneko ndiye kuipiratu: khutu lotseguka limalandira phokoso lonse la pa siteji, ndipo lotsekalo umalikwezera kwambiri kuti lipikisane nalo. Kulira kuja kunabweranso, ulendo uno kosafuna kuchoka m'mawa. Usiku wina ndinagona ndikumva tsiii m'chipinda chopanda phokoso, ndipo ndinachita mantha enieni. Ndinauza amayi kutacha. Sananene kuti "ndinakuuza". Anangoti tiye.

Adokotala omwe aja anandiyeza kamvedwe m'kachipinda kotseka. Zotsatira zinali zabwino, koma sanandisekerere. Anati timaselo ta mkati mwa khutu timene timasandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo tikafa sitimeranso, ndipo kulira kwa m'makutu pambuyo pa phokoso ndi chenjezo lakuti tapanikizika. Anandiuza muyezo wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO: munthu wamkulu asapitirire madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo kwa ana muyezowo ndi madesibelo 75. Ukawonjezera madesibelo atatu okha, nthawi yotetezeka imatsika ndi theka. Ndiye kuti pa 83 watsala ndi maola 20, pa 86 maola 10, ndipo ukamafika cha ku 100 ndi nkhani ya mphindi. Bungwe lomwelo limati achinyamata oposa 1 biliyoni padziko lonse ali pachiopsezo chowononga makutu chifukwa cha kamvetseredwe kawo. Mafoni ena masiku ano amaonetsa mlingo wa phokoso limene wamvetsera pa sabata. Ine ndinali ndisanatsegulepo tsamba limenelo.

Anayang'ananso mahedifoniwo ali m'khutu n'kundiyasamulitsa. Mpata unkaoneka ndi maso.

Ndinalembera kampani ija kufunsa zoti andiumbirenso chigoba. Zinali zotheka: amachotsa timasipika n'kutiika m'chigoba chatsopano. Koma pankafunika chikombole chatsopano kwa dokotala, mtengo wa ntchitoyo, kutumiza uku ndi uku, ndi kudikira kwa masabata enanso. Nditaphatikiza zonse, ndalama zake zinkakwana kugula a universal abwino kwambiri, atsopano. Ndipo panalibe wondilonjeza kuti chaka chotsatira khutu silisinthanso. Ndinayesa kuwagulitsa. Ogula oumbitsa akale ndi ochepa, chifukwa nawonso ayenera kulipira zoumbitsanso, choncho amene anafunsa ankatchula ndalama zochititsa manyazi. A universal ukatopa nawo umangosintha timphira n'kugulitsa kapena kupatsa mng'ono wako. Angawa anakalowa m'dirowa.

Amene anandithandiza ndi achimwene ena amene ankatisakanizira mawu pa makonsati a kusukulu. Nditawadandaulira kuti a universal sandikwana, ndiye chifukwa chake ndinaumbitsa, anandifunsa kuti ndinayesapo timphira tamitundu ingati. Ndinali nditangoyesa tija timabwera titavekedwa kale. Anatulutsa kabokosi kodzaza timphira ndi timasiponji, n'kundikhazika pansi.

Madzulo amenewo ndinaphunzira zambiri kuposa miyezi yonse imene ndinkaonera mavidiyo. Makutu anga ndi osiyana kukula: lakumanzere limafuna kamphira kapakati, lakumanja kakakulu. Zimenezi n'zofala, koma palibe amene anandiuzapo kuti ndi zololedwa kuvala masaizi awiri. Anandiphunzitsa kavalidwe: dzanja la mbali inayo lidutse pamwamba pa mutu, likokere khutu m'mwamba ndi chakumbuyo kuti kanjira kawongoke, ndiye n'kulowetsa. Ukafuna kudziwa ngati latseka, ung'ung'udze pang'ono. Mawu ako akamveka olemera mkati mwa mutu ndiye kuti latseka. Timphira ta silikoni timakhalitsa ndipo timatsukika. Timasiponji, monga ta Comply, umatifinya kaye ndi zala, kulowetsa, n'kugwira kwa kanthawi kuti tifufume. Timatseka phokoso kwambiri ndipo timatsata maonekedwe a khutu ngakhale litasintha, koma timatha msanga ndipo uyenera kumagula tina. Palinso timphira ta magawo awiri kapena atatu tolowa mkati kwambiri, timene kampani ya Etymotic imadziwika nato. Timeneto timatseka phokoso mofanana ndi oumbitsa, mwinanso kuposa, koma ine sindinatipirire. Chenjezo lawo linali limodzi: kamphira kagwire mwamphamvu pa kampopi ka hedifoni, chifukwa timipopi timasiyana kunenepa, ndipo kolobodoka kamatha kutsalira m'khutu povula.

Ndinagula a universal a mtengo wapakati, nditawamva kaye, okhala ndi sipika imodzi ya dynamic ndi waya wochotseka. Za wayazi musazinyoze. Chimene chimayamba kufa pa mahedifoni ambiri ndi waya, makamaka m'chikwama cha mwana wasukulu. Ngati ndi wochotseka, wa polumikizira pa mtundu wa MMCX kapena pa timapini tiwiri, umangogula wina. A universal ambiri a masiku ano zigoba zake anaziumba motsatira khutu la munthu wamba, moti amakhala m'khutu pafupifupi ngati oumbitsa, waya n'kudutsa pamwamba pa khutu.

Sikuti a universal alibe zovuta. Tsiku lotentha ndikatuluka thukuta kamphira ka silikoni kamatsetsereka, ndipo ndimasinthira ku siponji. Ndikawavala maola ambiri m'khutu mumayabwa. Oumbitsa aja, pa nthawi imene ankandikwana, anali omasuka kuposa awa. Ndipo alipo anthu amene tinjira ta m'makutu mwawo n'tating'ono kwambiri kapena n'tokhota modabwitsa, oti kamphira kalikonse kamawapweteka kapena kugwa. Wachinyamata wotereyu, kapena amene akuimba pa siteji sabata iliyonse, atha kufunadi zoumbitsa. Koma pali njira yapakati imene ndikanakonda kuidziwa ndili ndi zaka 16: kuumbitsa timphira tokha. Dokotala amatenga chikombole chimodzimodzi, koma chimene amaumba ndi kamphira kofewa kovekera pa mahedifoni a universal amene uli nawo kale. Khutu likasintha umataya kamphirako, mahedifoni ako ali bwinobwino.

Chinthu china chimene chimakhudza mitundu yonse iwiri: mahedifoni otseka bwino amatsekanso hutala ya galimoto ndi munthu wokukuwira. Ine sindiwavala ndikamawoloka msewu kapena ndili pa njinga. Ndimawapukuta ndikavula, ndimachotsa phula pa kampopi ndi kawaya kotsukira, ndipo ndimawasunga m'kabokosi kouma. Mbali imodzi ikayamba kumveka motsika, nthawi zambiri si kuwonongeka ayi, ndi phula latseka kabowo.

Amene watsimikiza mtima kuti aumbitsa basi ngakhale ali wamng'ono, afunse kampaniyo mafunso awa asanalipire, ndipo mayankho akhale olembedwa. Masiku okonza mwaulere ndi angati, ndipo amayamba kuwerengedwa liti? Kuumbanso chigoba pakatha chaka kapena ziwiri ndi ndalama zingati? Chikombole akufuna chotengedwa kukamwa kuli kotsegula kapena kotseka, poti makampani amasiyana, ndipo chikhale cha miyezi ingati chisanakanidwe kuti n'chakale? Kodi pali chitsanzo choti umve usanasankhe? Ngati uli ndi mawaya a m'mano, kapena adokotala a mano akukonza zogwira nsagwada, uwauze adokotala a makutu asanatenge chikombole.

Panopa ndadutsa zaka 20 ndipo ndikuimbabe. Thupi lakhala pamodzimodzi kwa zaka zingapo tsopano, ndipo adokotala aja akuti ndikafuna nditha kuumbitsa popanda nkhawa yakale ija, ngakhale kuti nawonso akuluakulu amaumbitsanso pakapita zaka thupi likasintha. Ndikuganiza zotumiza akale aja kuti akaikidwe m'chigoba chatsopano, akhale a pa siteji pokha, poti pamenepo mawu ake owonda aja amandithandiza kumva kiyibodi pakati pa zida zina. Omvetserera nyimbo ndikhalabe ndi a universal, kamphira kapakati kumanzere, kakakulu kumanja.